Chaka Chimene Tinabisa Kagalu Kogontha

Amalume anali ndi belu la njinga, koma njinga analibe. Njingayo inamwalira ine ndisanafike, itadwala matayala kwa nthawi yaitali, m'zaka zija pamene tayala unkalipeza pokhapokha ukadziwana ndi munthu wodziwana ndi mlamu wa mwini sitolo. Mafupa ake anali padenga, akuchita dzimbiri mwaulemu. Belu lokha ndi limene linapulumuka, ndipo linasamutsidwira ku ntchito ina yapamwamba, monga zinkachitikira akuluakulu ambiri masiku amenewo. Linkakhala m'thumba la jekete la amalume, lokulungidwa m'kansanza kuti lisalire popanda chilolezo. Linali lozizira m'manja, losupuka pamwamba, lonunkha nkhosa ndi mankhwala a dibi. Ntchito yake inali kuweruza tiagalu. Kagalu kakamva belu, kakhale ndi moyo. Kakapanda kumva, kalowe m'saka, saka lipite kudamu.

Ine ndi amayi tinafika pa famu ya nkhosa imene amalume ankagwirapo ntchito, pafupi ndi Chongwe, chisanu chikuyamba kumene. Zinali zaka zimene Chipani chinali chimodzi, ndipo pachisankho munthu ankapikisana ndi chithunzi cha chule, chizindikiro cha voti yokana, chule n'kuluza. Ndinali kamtsikana ka giredi yachitatu, ka miyendo ngati mapesi. Tinachokera ku Bundabunda, kwawo kwa atate, kumene tinasiya timanda tiwiri. Alongo anga awiri, onse aang'ono kwa ine, anapita njira imodzi. Ankayamba ndi kutupa manja, tizala tonenepa ngati timbatata, kenaka maso achikasu, kenaka kulira kumene sikunkatha ngakhale uwabereke, uwatsitse, uwaberekenso. Kuchipatala ankangoti magazi achepa. Wachiwiri ataikidwa m'manda, azakhali, mlongo wawo wa atate, anaweruza mlandu wonse pamaso pa anthu, osakweza n'komwe mawu: "Kuno kwathu kulibe matenda aya. Anabwera ndi basi ya ku Chipata." Makolo a amayi anachokera kummawa, ndipo aliyense anamva kuti wokwera basiyo anali ndani.

Atate sanatithamangitse. Ndimakonda kuyamba ndanena zimenezi, chifukwa chilungamo n'chofunika. Iwo anangonyamula katundu wathu mpaka pamsewu waukulu, n'kuimitsa lole, n'kutikweza, n'kuuza dalaivala potitsitsa. Pali kusiyana pakati pa zimenezi ndi kuthamangitsa munthu, ndipo ndatha zaka zambiri ndikukufunafuna.

Mbiri yathu inafika pakomboni ya famu ife tisanafike. Kaya inakwera chiyani, popeza mabasi anali osowa. Palibe anatinyoza. Azimayi ankapereka moni wautali bwino, wofunsa ndi za ulendo zomwe. Koma ndikayandikira pamene ana ankasewera phada, mwadzidzidzi mayi aliyense ankakumbukira kuti akufuna womutuma mchere kapena moto, ndipo bwalo linkatsala ndi ine ndi mizere ya phada. Ndinaphunzira kusewera ndekha, ndipo ndinkapambana kawirikawiri. Kusukulu ya pafamu aphunzitsi anandikhazika pabenchi lakumbuyo ndekha, akuti ndine wamtali, ndingatchinge anzanga. Amene akundidziwa lero akudziwa kuti utali umenewo sunafikebe. Sindiwaimba mlandu aphunzitsiwo. Anali ndi ana awo aang'ono kunyumba, ndiponso mkazi wotunga madzi pampopi womwewo ndi azimayi ena onse.

Amayi sankalira. Ankasinja. Ufa wa m'sitolo unkafuna munthu woima pamzere ku Chongwe tsiku lonse, khadi la Chipani lili m'manja, choncho iwo ankakonola chimanga cha amalume mumtondo, ngakhale pamene chokonola kale chinali chisanathe. Ukawafunsa kanthu ankayankha mochedwa, ngati mawu ako ayamba adzera kwina. Amalume nawo anali munthu wosakwatira, wolankhula ndi agalu kuposa anthu. M'nyumba imeneyo tinali atatu, ndipo phokoso lalikulu linali la supuni m'kapu.

Agalu a pafamupo sanali agalu wamba oti n'kuwathamangitsa pa mphika. Makolo awo anabwera kuchokera kutsidya kwa nyanja ndi mzungu amene anayambitsa famu, ndipo mzunguyo atapita, agalu anatsala ndi Chingerezi chake. Ankachimva kuposa ine, ndipo sindikutsimikiza kuti ndinawapitirira mpaka lero. Amalume ankaima pachulu, zala ziwiri m'kamwa. Mluzu umodzi, galu akuzungulira kumanja, mimba ikukhudza udzu. Mluzu wina, wagona pansi ngati wawomberedwa, maso okha akugwira ntchito. Nkhosa za mitu yakuda zija, zopusa monga Mlengi anazilengera, zinkayenda pamodzi ngati madzi mumfuleni mpaka m'khola. Galu mmodzi ankagwira ntchito ya amuna angapo, osapempha tchuti cha maliro. N'chifukwa chake mafamu ena ankadikira tiana tawo chaka chonse, ndipo n'chifukwa chakenso agaluwo anali ndi chakudya chawochawo chochokera ku ofesi, chokhala ndi nyama masiku ambiri kuposa chathu.

Wamkazi wodalirika anali Besi, wamawangamawanga otuwa ngati phulusa lodonthedwa ndi mvula. Mzungu uja anasiya lamulo: galu wamawanga apatsidwe mwamuna wakuda, osati wamawanga mnzake. Chifukwa chake sanasiye. Mwina chinali m'sutikesi. Amalume ankasunga lamuloli monga ena amasungira Sabata, mpaka pamene mphiri inaluma galu wakuda yekhayo amene anatsala. Amanijala anayesa kupempha wina kunja, koma ndalama zakunja zinali ndi ntchito zina. Chaka chimenecho kunasowa sopo, shuga, mafuta ophikira ndi amuna a agalu. Amene analipo anali Kepu, wamphamvu, wanzeru, wamawanga ngati Besi yemwe. Amalume anang'ung'udza pang'ono, amanijala anati galu ni galu, ndipo lamulo lopanda chifukwa silikhalitsa pamaso pa munthu wokhala ndi kiyi wa ofesi.

Tiana ta Besi ndi Kepu tinabadwa m'kashedi kuseri kwa nyumba yathu, pa masaka akale, m'mawa wina wa Juni pamene mpweya unkatuluka m'kamwa ngati utsi. Tina tinali tamawanga, tina takuda. Kamodzi kanali koyera mbuu, mphuno yofiirira ngati chala cha khanda. Katatsegula maso, limodzi linali lamtundu wa thambo, linalo laling'ono, ngati woumba anaitanidwa kwina asanamalize. Ndinayamba kukhala m'shedimo ndikaweruka kusukulu. Munali motentha, monunkha mkaka ndi ubweya. Besi ankandiyang'ana kamodzi, n'kubwezera mutu pansi. Pa famu yonse, iye yekha ndiye anali mayi amene sankaitana ana ake ine ndikafika.

Ndinali woyamba kudziwa. Tsiku lina lata linagwa padenga la shedi ndi mphepo, phokoso loti ngakhale nkhuku zinasiya zimene zinkachita. Tiagalu tonse tinadzidzimuka, tikulira, tikukwerana. Koyera kanapitiriza kugona, kamimba kakukwera ndi kutsika. Ndinawomba m'manja pafupi ndi khutu lake. Ndinakaitana mayina onse amene ndinkawadziwa, ngakhale a alongo anga. Koma nditagunda pansi ndi chidendene, kanadzuka n'kuyamba kundifunafuna ndi mphuno, ndipo katapeza chala changa kanachiyamwa ndi mtima wonse.

Za damu ndinkazidziwa kale. Amalume anandifotokozera kamodzi, akusoka nsapato, osandiyang'ana: "Galu wosamva mluzu si galu wa nkhosa, mphwanga. Akayamba kuthamangitsa, uzamuimitsa na ciani? Azaziponya pa waya. Ndipo akabala, abala anzake." Sanali munthu wankhanza. Ndinamva kwa azimayi a pampopi kuti chaka chimene anapita kudamu ndi saka, anakhala masiku osadya bwino. Koma anapita. Ine sindinauze aliyense zimene ndinaona m'shedi. Ndinalibenso womuuza, zimene zimathandiza kwambiri posunga chinsinsi.

Tsiku la belu linali Loweruka lowala, lopanda mphepo. Mayeso a amalume anali ndi mwambo wake. Ankatenga kagalu kamodzi, kokhuta, n'kukagoneka pa saka padzuwa, kutali ndi anzake, chifukwa kagalu kogontha n'kochenjera: kamaona anzake akudzuka, nako n'kudzuka. Ankadikira mpaka katawodzera. Kenaka ankaima kumbuyo kwake, mbali imene chithunzithunzi chawo sichikanakagwera, n'kugwira mpweya kuti kasamve fungo, n'kuliza belu. Khutu likagwedezeka, basi, kapambana. Amayi anali chapafupi ndi mtondo wawo monga mwa masiku onse, ndipo amalume anati, "Mlongo, yamba waleka, niyese agalu." Anasiya. Anaima chilili, munsi uli m'manja.

Tiagalu tina tonse tinapambana, kamodzikamodzi. Koyera kanali komaliza. Ndikukumbukira kuti ndinakhala pa njerwa, manja pakati pa maondo, ndikuyang'ana nyerere imene inkakoka phiko la chiwala, chifukwa kwina kulikonse sikunali koyang'anika. Kagaluko kanawodzera msanga, kokhulupirira dziko lonse. Amalume anazungulira kumbuyo. Chala chawo chitangokhudza belu, munsi wa amayi unagwera mumtondo, di, nthaka n'kunjenjemera mpaka panjerwa yanga. Kagalu kanadzutsa mutu.

Amalume anayang'ana amayi. Amayi anayang'ana chimanga. Amalume anadikira kuti kagonenso, analizanso, ndipo munsi unagwanso pa nthawi yomweyo, osatsogola, osachedwa, ngati anthu awiri osinja mtondo umodzi. Tambala wina analira kukomboni, wosadziwa kuti pali khoti.

"Mtondo wako uli na makutu, mlongo," anatero amalume.

"Munsi walema, alongo. Unapulumuka chabe."

Amalume anakulunga belu m'kansanza pang'onopang'ono, mbali iyi, mbali iyo. "Mwezi wa mawa kubwera dokota wa ziweto. Uyo sungamusinjire."

Sindinawauzepo amayi kanthu za kagaluko. Ndinkaganiza kuti chiyambire maliro sankaona chilichonse chosakhala mumtondo. Madzulo a tsikulo anakapatsa dzina, Nalakwanji. Kwathu kummawa dzina la galu silikhala la galu, limakhala la anthu amene ukufuna kuti azilimva tsiku ndi tsiku popanda kukutengera kubwalo. Kuyambira pamenepo, m'mawa uliwonse, amayi ankaima pakhomo n'kuitana dzinalo mokweza, nkhope italoza kummawa kwa msewu. Kagaluko kanali pa mapazi awo, kosamva kanthu. Ine ndinkaona ngati ndi kuwononga mawu.

Ndinatsala ndi mwezi umodzi, ndipo ndinapanga pulani imene mwana yekha angapange. Ndinaganiza kuti kagalu kakaphunzira ntchito dokotala asanafike, palibe adzafunse za makutu. Vuto linali lakuti ntchitoyo inkayenda ndi mluzu. Ndinayesa kuphunzira kuseri kwa sukulu, zala m'kamwa, malovu ambiri, mluzu wochepa, mpaka aphunzitsi anandipeza. Anandiyang'ana ngati apeza mbuzi ikuwerenga nyuzipepala. "Mtsikana saimba mluzu," anatero, ndipo anandipatsa ntchito yothirira repu m'dimba la sukulu sabata yonse. Ndinathirira, ndikuganiza. Pamapeto pa sabatayo ndinazindikira kuti boma la aphunzitsi ndi chilengedwe zagwirizana mosadziwa: mtsikana woletsedwa mluzu anali ndi galu wosaufuna.

Tinayamba sukulu yathu kuseri kwa chulu, pa lupsa, pamene udzu unali utapsa ndipo phulusa linkadetsa mapazi mpaka m'maondo. Ndikakweza dzanja, kagone. Ndikakupiza nsonga ya chitenje, kabwere. Ndikagunda pansi, kandiyang'ane. Malipiro anali mkute. Kanali kanzeru, ndiyenera kunena, kanzeru kuposa ambiri amene ndinakumana nawo pambuyo pake m'maofesi. Kankandiyang'ana ndi diso lake labwino lija osaphethira, chifukwa kwa iko ine ndinali mawu onse a dziko lapansi. Palibe munthu anandiyang'anapo choncho chiyambire, ndipo ndasiya kuyembekezera. Mphepo ya Ogasiti inayamba, akamvuluvulu akuyenda pa lupsa ngati anthu opita ku maliro. Kutali ndinkamva ana a komboni akuimba nyimbo za Chipani zimene tinaphunzira m'mawa, akuzisandutsa zamasewera. Ife tinalibe nyimbo. Tinkakhala pamthunzi wa chulu, iko kakugona pamiyendo panga, koyera kosanduka kotuwa ndi phulusa, ine ndikukafotokozera za Bundabunda, za mtengo wa masuku kuseri kwa nyumba, za mmene mlongo wanga wamng'ono ankatchulira dzina langa molakwika. Kanali komvetsera kabwino. Sikanandidulepo mawu.

Dokotala wa ziweto anabwera ndi galimoto yafumbi, mnyamata wa ku Lusaka wamaso otopa, jekete yake yoyera itasiya kalekale kuyera. Mwambo wa pafamu unali woti kagalu kasagulitsidwe iye asanakaone. M'mawa wa tsikulo mtondo wa amayi unali utabwerekedwa. Amalume anaunyamula okha pamutu kupita nawo kumapeto kwa komboni, kwa mayi wina amene sanaupemphe. Amayi anaima pakhomo manja ali lende, ngati manja a munthu wina.

Dokotalayo ankatenga kagalu kalikonse, n'kuwalitsa katochi m'maso, n'kupinda miyendo yakumbuyo akumvetsera m'chiuno ndi zala zake, n'kuyang'ana mano. Amanijala anaima patali pang'ono, chifukwa agalu ankawakonda kwambiri akakhala pa pepala. Atafika pa koyera, dokotalayo sanafune ngakhale belu. Anangokayang'ana n'kufunsa kuti, "Atate bake ni uti?" Amalume analoza Kepu. Dokotala anapumira m'mwamba. Anabwereka belu, analiza kumbuyo kwa khutu, ndipo Nalakwanji anapitiriza kunyambita batani la jekete yake.

Pamenepo ndinalowa m'bwalo ndi umboni wanga. Ndinagunda pansi, ndinakweza dzanja, kanagona. Ndinakupiza chitenje, kanabwera. Ndinabwereza zonse. Dokotala anaseka, kuseka kwabwino ndithu, n'kundifunsa kuti ndili giredi chani. Kenaka anati, "Manje akakupatsa mbuyo, ali kutali kuja, nkhosa zili kuthawa, uzamuuza bwanji?" Mwezi wanga wonse unathera pamenepo, ngati shuga wogwera m'madzi.

Dokotala anatembenukira kwa amanijala n'kuyamba kufotokoza kuti agalu awiriwa asadzakumanenso. Ndipo mawu anachokera pakhomo, kumene palibe ankayembekezera mawu.

"Ba dokota, nifunseko. Wolakwa ni uti, wamkazi kapena wamwamuna?"

Mkazi wa pakomboni sankalankhula pamene amanijala aimirira. Amalume anayang'ana nsapato zawo. Koma dokotalayo anayankha mwaulemu, monga munthu woyankha funso la agalu.

"Kulibe wolakwa, amayi. Wamkazi ali bwino, wamwamuna ali bwino. Aliyense ananyamula hafu chabe, ndipo hafu siidwalitsa. Koma mukabakumanitsa, mwana wina atenga hafu uku, hafu uku. Ndiye izi. Mukamupatsa mwamuna wakuda, bana bonse bazankhala bwino."

"Kambaninso."

Anabwereza, mokweza pang'ono.

"Wamkazi yekha sangathe?"

"Yekha sangathe. Ni ciŵiri."

"Kambaninso, ba dokota."

Dokotala anayang'ana amalume, ngati akufunsa ngati mayiyu ali bwino. Amalume anagwedeza mutu pang'ono kuti apitirize, ndipo iye ananenanso zonse kuyambira poyamba, pang'onopang'ono, akuloza Besi ndi dzanja limodzi, Kepu ndi linalo, kenaka n'kuphatikiza manjawo. Amayi anakhala pansi pakhomo pomwepo, pa dothi, osayala chitenje.

Amanijala anafuna kubwerera ku nkhani ya saka, popeza nthawi inkapita. Dokotala anati kupha sikofunika, kagaluko kangothenedwa kakakula pang'ono kuti kasabereke, ndipo kasayandikire nkhosa. Amanijala anati ofesi ilibe chakudya cha galu wosagwira ntchito, ngakhale anthu ogwira ntchito chikuwaperewera, zimene zinali zoona. Anafunsa kuti kadzadyetsedwa ndi ndani. "Kazadya m'mbale mwanga," anatero amayi ali pansi pomwepo. Ndipo zinatero kwa zaka zambiri, osati mwa mwambi ayi. Ankanyema mbamu yawo pakati.

Ndikanakonda kulemba kuti ine ndi galu wanga tinakhala mosangalala. Koma galu ndi munthu wa ndale: amatsata mbale. Pasanathe sabata, Nalakwanji anasamuka pamiyendo panga n'kukakhazikika pa mapazi a amayi, pafupi ndi mtondo, pamene nthaka inkalankhula chinenero chake tsiku lonse. Ndikakupiza chitenje ankabwera mwaulemu, n'kundinyambita kamodzi, n'kubwerera. Amayi anasiyanso kumuitana dzina m'mawa. Ankangogunda pansi ndi phazi. Ndinabwerera kuchulu ndekha, nditapulumutsa mnzanga n'kumutaya m'mwezi umodzi.

Lamulungu lotsatira amayi anavala chitenje chimene ankasungira maukwati ndi maliro, n'kundiuza kuti nditsale. Anati akupita ku Bundabunda, abwera mawa. Ndinakwera pachulu, pamene msewu waukulu unkaonekera. Ndinawaona ataima m'mbali mwa phula, kadontho koyera kali pa mapazi awo. Anaima nthawi yaitali. Basi inabwera, yodzaza mpaka pakhomo, inaima, kondakitala anatsika n'kutambasula dzanja. Inanyamuka. Fumbi litatha, amayi anali pomwepo. Anafika kunyumba dzuwa litapendeka, n'kuvula chitenje chija, n'kuchipinda bwinobwino. "Basi siinabwere," anauza amalume. Amalume anati mabasi a masiku ano ni choncho. Ine ndinaganiza kuti kondakitala anakana galu.

Ku koleji ya unamwino ndinakhalako chaka ndi kanthu, ndipo tinasiyana mwamtendere, popanda wina kupempha mnzake kuti akhale. Chimene ndinatengako ndi kabokosi ka zipinda zinayi kamene mphunzitsi wina anajambula pabolodi masana ena otentha, akufotokoza za sikoselo, matenda a magazi amene amatupitsa manja a makanda ndi kuchititsa maso chikasu. Theka kwa mayi, theka kwa bambo. Anzanga ankalemba. Ine ndinkamva fungo la dibi. Alongo anga palibe anawayezapo matendawa, choncho sindingalumbire m'khoti. Koma magazi anga anayezedwa chaka chomwecho, ndipo ndine wamawanga. Kuyambira pamenepo mwamuna aliyense wondifunsira ndimamupempha kuti tiyambe tadzera kuchipatala. Mmodzi anavomera, anati angopita kukavala nsapato. Ziyenera kuti ndi nsapato zovuta.

Atate anabereka ana ena ndi mkazi wachiwiri, onse amoyo, onenepa, ndipo azakhali anamwalira ali otsimikiza kuti anaweruza bwino. Besi nayenso, atamupezera mwamuna wakuda ku famu ina, ana ake onse anamva belu. Amayi okha ndi amene sanakwatiwenso, ndiye umboni wawo sunabadwe. Chimene ankafuna kukanena ku Bundabunda tsiku lija, ndi chimene chinawaletsa kukwera, sanandiuzepo, ndipo pamene ndinakhala ndi nzeru zofunsira, anali atapita kumene mafunso safika.

Koma zonsezo ndi nzeru za pambuyo. Panthawiyo ndinali ndi nkhawa ina, yaikulu, yangayanga. Dokotala analankhula momveka, ine amene ndinali mwana ndinamva koyamba komwe, koma amayi anapempha kuti abwereze, n'kubwerezanso. Ndinakumbukira mmene ankayankhira mochedwa. Ndinaphatikiza ziwirizi, ndipo ndinkadziwa kumene osamva amapita pa famu imeneyo.

Tsiku lina masana, amalume atasiya jekete pa msomali, ndinatenga belu. Amayi anali atakhala pa mtondo wogoneka kuseri kwa nyumba, manja pamaondo, akuyang'ana kumsewu, galu atagona pa phazi lawo. Ndinachita zonse mwa mwambo. Ndinazungulira mbali imene chithunzithunzi changa sichikanawagwera. Ndinagwira mpweya. Ndinaliza.

Sanatembenuke. Belu linalira mpaka linatha lokha, nkhuku zinadzutsa mitu, koma amayi anangokhala, milomo ikuyenda pang'ono, ngati munthu wobwereza mawu amene akuopa kuwaiwala. Ndinalizanso. Ndipo ndisanaganize, chidendene changa chinagunda pansi ndi mphamvu zonse za miyendo ya mapesi ija. Galu anadzuka. Amayi anatembenuka naye limodzi, n'kundiyang'ana, n'kuyang'ana belu, nkhope yawo ili yonyowa.

Ndinakulunga belu m'kansanza kake, mbali iyi, mbali iyo, n'kulibwezera m'thumba la jekete. Madzulo amalume atabwera ku nkhosa, ndinawatsata kukhola n'kuwauza, popanda kufunsidwa, kuti amayi ndawayesa, amamva.